Musanaipake Penti, Iwerengeni Kaye

Njinga ya mwana siifa ndi ntchito. Ya wamkulu imasenza matumba a chimanga, makala ndi anthu mpaka felemu kuthyoka, koma ya mwana imasiyidwa ikadali ndi mphamvu zake zonse, chifukwa chakuti miyendo ya mwini wake yatalika ndipo mawondo ayamba kugunda mahandulo. Imapita kwa mng'ono wake, kenako kwa msuweni, kenako kuseri kwa nyumba. N'chifukwa chake njinga zambiri za ana za m'zaka za m'ma 1970 zikupezekabe m'magalaja ndi m'zisakasa za ku Britain, zitafiira ndi dzimbiri koma zitsulo zake zonse zili m'malo. Mwa apo ndi apo imodzi imalowa m'gulu la njinga zakaunjika n'kudzatsikira pamsika wa kuno, ndipo wogula amangoona kanjinga kokalamba kofuna penti.

Zinthu zimalakwikira pomwepo. Dzanja la munthu wokonda njinga limathamangira sandipepa ndi chitini, ndipo wokonza wa pamsika amafunsa mwaulemu wake wonse: "Bwana, tiipake mtundu wanji?" Funsolo ndi labwino, koma lafulumira. Pa zitsulo zadzimbirizo panalembedwa dzina la kampani, fakitale imene njingayo inatulukira, chaka, mwezi, ngakhale mtundu weniweni wa penti yake yoyamba. Sandipepa akadutsapo masana amodzi, zambiri mwa zimenezi zimapita osabweranso.

Njinga imene imaonetsa bwino nkhaniyi ndi Raleigh Chopper. Amene anaionapo saiiwala. Tayala lakutsogolo ndi laling'ono, la mainchesi 16. Lakumbuyo ndi lalikulu komanso lonenepa, la mainchesi 20. Onse awiri ali ndi mzere wofiira m'mbali. Chishalo ndi chachitali, chokhala ndi potsamira kumbuyo ndi chitsulo chokhota pamwamba pake. Mahandulo ndi okwezeka kwambiri. Ndipo pakati pa miyendo ya wopalasa, pamwamba pa felemu, pali ndodo yosinthira magiya yoima momwe imaimira ya galimoto. Mwana wa zaka 10 akakhala pamenepo, m'mutu mwake ankakhala atakwera njinga yamoto ya m'mafilimu a ku America.

Ku America komweko ndi kumene maganizowa anachokera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ana a ku California anayamba kuika zishalo zazitali ndi mahandulo okwezeka pa njinga zawo zazing'ono. Al Fritz wa kampani ya Schwinn ya ku Chicago anaona zimenezi, ndipo mu 1963 kampaniyo inatulutsa Sting-Ray, imene inagulidwa modabwitsa. Raleigh ya ku Nottingham inayesa kupikisana nayo ndi njinga zotchedwa Rodeo ndi Fireball, koma sizinapite patali. Chopper ndiyo inasintha zinthu. Inayamba kugulitsidwa ku America mu 1969, ndipo pofika 1970 inali itadzaza m'mashopu a ku Britain. Pa zaka zonse za m'ma 1970 zinagulidwa pafupifupi 1.5 miliyoni, mpaka njinga za BMX zitailanda msika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980.

Chodabwitsa n'chakuti njinga yotchuka chonchi ili ndi mkangano pa amene anaijambula. Kampani ya Raleigh inkanena kuti ndi Alan Oakley, mkulu wake wojambula njinga, amene akuti anaijambula pa envelopu ali m'ndege kuchokera ku America mu 1967. Tom Karen wa kampani ya Ogle Design ankanena kuti maonekedwe ake anachokera m'manja mwake. Oakley anamwalira mu 2012, Karen kumapeto kwa 2022, ndipo okonda njingayi akutsutsanabe. Ngati zokumbukira za anthu amene analipo zikusiyana chonchi pa nkhani yaikulu, wokonza njinga sangadalire mawu a wogulitsa pamsika onena kuti "iyi ndi ya 1970 yeniyeni." Ayenera kufunsa chitsulo.

Chitsulocho chili ndi mboni zitatu, ndipo monga zimakhalira pabwalo la amfumu, mlandu sugamulidwa ndi mboni imodzi.

Yoyamba ndi baji ya kutsogolo, pamwamba pa foloko. Ya Raleigh ili ndi mutu wa mbalame ya khosi lalitali ya mtundu wa kakowa, chizindikiro chochokera ku banja la Frank Bowden, amene anagula kafakitale kopanga njinga ka mumsewu wa Raleigh Street ku Nottingham kumapeto kwa zaka za m'ma 1880 n'kukasandutsa kampani yaikulu. Baji ikakhala kuti inagwa, timabowo ta misomali yake timatsala, ndipo kutalikirana kwa timabowoto kumathandiza kudziwa baji imene inalipo. Koma baji payokha ndi mboni yofooka. Munthu akhoza kuizula pa njinga ina n'kuikhomera pa ina. Komanso Raleigh inameza makampani ambiri: Humber mu 1932, Rudge-Whitworth mu 1943, Triumph mu 1954, mbali ya njinga ya BSA mu 1957. Mu 1960 nayo inagulidwa ndi Tube Investments, imene inali kale ndi Phillips ndi Hercules. Kuyambira pamenepo felemu zofanana zinkatuluka ndi mayina osiyanasiyana.

Mboni yachiwiri ndi yolankhula momveka kuposa zonse: habu ya wilo lakumbuyo. Chopper zambiri zinali ndi habu ya magiya atatu ya Sturmey-Archer, kampani imene inayamba mu 1902 ndipo inali pansi pa Raleigh. Pa thupi la habuyo ankadindapo manambala awiri a chaka ndi nambala ya mwezi. Munthu akapukuta girisi wouma ndi kansalu konyowetsa m'palafini n'kuona 73 ndi 5, ndiye kuti habuyo inapangidwa mu May 1973, ndipo njinga yonse inamangidwa masabata kapena miyezi ingapo pambuyo pake. Ndi mphindi yosangalatsa kwambiri pa ntchito yonseyi, pamene chinthu chimene chinkaoneka chakutha chinena chokha mwezi umene chinabadwa. Komabe mawilo amasinthidwa. Njinga imene yadutsa m'manja mwa ana asanu ikhoza kukhala ndi wilo la njinga ina.

Ndiye pamafunika mboni yachitatu, nambala yodindidwa pa felemu. Malo ake amasiyana malinga ndi chaka: pa kachitsulo kogwira shafuti ya wilo lakumbuyo, pa paipi ya chishalo, kapena pansi pomwe pamadutsa shafuti ya mapedulo. Kuyambira cha m'ma 1974, Raleigh inatsata dongosolo losavuta. Chilembo choyamba chimatchula fakitale, N kuimira Nottingham ndipo W kuimira Worksop. Chachiwiri chimasonyeza nyengo ya chaka. Nambala yoyamba imaimira nambala yomaliza ya chakacho. Pali msampha umodzi: 4 akhoza kuimira 1974 kapena 1984. Habu ndi maonekedwe a njinga ndi zomwe zimathetsa kukayikako. Schwinn nayo inali ndi njira yake kuyambira 1965, chilembo choyamba mwezi, chachiwiri chaka, A kuimira 1965. Amene wapeza Sting-Ray amawerenga motero.

Maonekedwe amatsimikizira zimene manambala anena. Chopper yoyamba, Mk1, ili ndi mapaipi owongoka otsikira ku wilo lakumbuyo, ndipo ndodo ya magiya ya zambiri mwa izo ili ndi mutu wobulungira. Mk2, imene inatuluka mu 1972, ili ndi mapaipi akumbuyo opindika, ndodo ya magiya yooneka ngati chilembo T, chishalo chofupikirapo ndi kakaliyala kakang'ono kumbuyo. Kusinthaku sikunali kokongoletsa. Pa Mk1 kulemera konse kwa mwana kunkagwera pa wilo lakumbuyo, ndipo lakutsogolo linkanyamuka mosavuta. Ana awiri akakwera pa chishalo chachitalicho, njinga inkagadabuka. Akatswiri a ku Nottingham anasendeza chishalo kutsogolo, ndipo anawotcherera mahandulo kuti ana asamawapendeketsere kumbuyo. Pa lamba wa chishalo panalembedwa chenjezo lakuti njingayi si yonyamulirapo munthu wachiwiri. Munthu wodziwa kuwerenga felemu amaonamo mbiri ya mabala a ana a nthawi imeneyo ndi mmene kampani inayankhira.

Pamafunikanso kusamala ndi abale ake. Raleigh inapanga njinga zazing'ono zofanana ndi Chopper za ana ocheperapo msinkhu, monga Tomahawk, Chipper ndi Budgie, ndipo mu 1976 inatulutsa Grifter, yonenepa matayala, yosinthira magiya pa handulo. Makampani ena ambiri anakopera maonekedwewa. Kuyeza mawilo ndi tepi kumathetsa chisokonezo mwachangu kuposa kungoyang'ana ndi maso.

Zonsezi zikadziwika ndi kulembedwa papepala, pamenepo ndi pamene sipanala imalowa. Ntchito yoyamba ndi kujambula zithunzi mbali zonse, makamaka momwe waya wa mabuleki ndi wa magiya akudutsira, chifukwa pakatha mwezi palibe amene amakumbukira. Yachiwiri ndi madzi a sopo. Njinga zambiri zooneka zakutha zimakhala zongoda, ndipo pansi pa fumbi la zaka 40 pamapezeka penti yamoyo. Mtundu weniweni umabisala m'malo osafika dzuwa: pansi pa baji, m'kati mwa madigadi, pa paipi ya foloko yolowa m'felemu, pansi pa zomangira za chotchinga tcheni. Mk2 inali ndi mitundu ya mayina ake monga Ultra Violet, Infra Red ndi Fizzy Lemon, ndipo kachigamba kakang'ono kotsala pansi pa chomangira ndi kokwanira kumuuza wosakaniza penti chimene akufuna.

Zitsulo zonyezimira za mahandulo, malimu ndi madigadi zinakutidwa ndi chrome wopyapyala kwambiri. Waya wokhakhala wotsukira mapoto amamukanda mpaka kumutheratu. Pepala la aluminiyamu lonyowetsa m'madzi limachotsa timadontho ta dzimbiri popanda kuwononga, ndipo timabawuti ndi tizitsulo ting'onoting'ono timayera tikagonekedwa m'viniga usiku umodzi, kenako n'kutsukidwa, kuumitsidwa ndi kupakidwa oyilo. Pamene dzimbiri lafika poboola, kutsuka sikuthandizanso. Chitsulocho chimafuna kusinthidwa.

Bawuti yokana kumasuka imafuna oyilo ndi kuleza mtima kwa masiku angapo. Hamala imabwera pomaliza. Pedulo lakumanzere limamasukira mbali yosiyana ndi lakumanja, ndipo ambiri awononga mazinga chifukwa choiwala zimenezi. Kotapini, imene wokonza njinga aliyense wa ku Ndirande kapena ku Chipata amaidziwa bwino, imatuluka mosavuta ngati pansi pake pachirikizidwa ndi chitsulo cholimba asanaimenye. Kupanda kutero nkhonya yonse imagwera pa mabelingi.

Pali chinsinsi chimodzi cha Nottingham chimene chapweteketsa okonza ambiri. Raleigh inkadula mazinga ake m'njira yakeyake, 26 pa inchesi iliyonse, pamene makampani ena ambiri a ku Britain ankadula 24. Izi zimakhudza makapu a shafuti ya mapedulo ndi a khosi la foloko. Kapu yatsopano ya kusitolo imalowa bwino maulendo awiri kapena atatu ozungulira, kenako n'kuuma, ndipo wokakamiza amawononga felemu. Choncho makapu akale samatayidwa. Amatsukidwa, n'kuikamo mabelingi atsopano ndi girisi, n'kubwezeredwa pomwe anachoka.

Matayala nawo amanyenga. Mainchesi 20 si muyezo umodzi: tayala lolembedwa 20 x 1.75 limakwana limu ya mamilimita 406, pamene la 20 x 1 3/8 limafuna ya mamilimita 451. Pa mainchesi 16 pali 305 ndi 349. Schwinn inalinso ndi limu yakeyake ya mamilimita 419. Wogula wanzeru amawerenga nambala ya mamilimita pa tayala lakale, kapena kunyamula wilo lonse kupita nalo kusitolo.

Habu ya Sturmey-Archer ndiyo imapereka mphoto yaikulu pa ntchito yochepa. Mtundu wa AW, umene unayamba kupangidwa mu 1936, ndi wolimba moti zambiri zimadzuka zikangothiridwa madontho angapo a oyilo wopepuka pa kabowo kake n'kuzunguliridwa. Giya yachiwiri ndi yachindunji, yoyamba imatsitsa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, yachitatu imakweza ndi gawo limodzi mwa atatu. Koma ili ndi khalidwe limene kholo lililonse liyenera kulidziwa. Waya wa magiya akakhala kuti sanatcheredwe bwino, pakati pa giya yachiwiri ndi yachitatu pamakhala malo opanda giya, ndipo mapedulo amangopita okha mwadzidzidzi. Mwana amene waimirira pokwera mtunda amagwera pa felemu, pomwe pali ndodo ija. Ku America, Schwinn inasiya kuika ndodo zotere itatha 1973 chifukwa cha malamulo achitetezo, ndipo Raleigh itatulutsanso Chopper mu 2004, inasamutsira chosinthira magiya pa handulo. Kutchera kolondola kumachitika njinga ili m'giya yachiwiri, poyang'ana pa kabowo ka nati kuti kachitsulo kokokedwa ndi katcheni kafanane ndi mapeto a shafuti.

Tsopano funso la penti likhoza kuyankhidwa, ndipo yankho lake si limodzi. Ngati penti yoyamba yatsala yambiri, ndi bwino kuisunga, kuipukuta ndi kuipaka phula. Osonkhanitsa njinga zakale ku Britain amalemekeza kwambiri Chopper yokhala ndi penti ndi zomata zake zoyambirira, ngakhale zitakandika, chifukwa penti yatsopano imagulidwa tsiku lililonse koma ya 1973 siipangidwanso. Ndipo pali china choposa mtengo. Pomwe penti inafufutika pa paipi yapamwamba ndi pomwe nsapato ya mwana inkadutsa pokwera. Handulo yokandika mbali imodzi ikusonyeza kuti ankaigwetsera kumanja akamva kuitana kwa amayi ake. Mayina okandidwa ndi msomali pansi pa chishalo ndi a munthu amene lero ali ndi zidzukulu. Ngati dzimbiri ladya paliponse, kupenta ndi njira yopulumutsira chitsulo, ndipo palibe chifukwa chochitira manyazi. Chofunika n'kusiya nambala ya felemu ikuwerengeka. Popala penti yakale, munthu anyowetse sandipepa ndi kuvala chotchinga mphuno, ana ali kutali, chifukwa penti zina za nthawi imeneyo zinali ndi mtovu.

Pa zinthu zogwira moyo wa mwana, mbiri iyenera kugonja. Labala wa mabuleki wa zaka 50 anauma kalekale, ndipo malimu a chitsulo chonyezimira amaterera kwambiri akanyowa. Waya wa mabuleki, malabala, machubu ndi matayala ong'aluka zonse zisinthidwe, zakalezo zisungidwe m'katoni ngati mwini akufuna. Foloko yopindikira kumbuyo ndi chizindikiro chakuti njinga inagundapo khoma, ndipo penti yosweka mozungulira polumikizira mapaipi imabisa mng'alu. Njinga yotere isaperekedwe kwa mwana mpaka wowotcherera wodziwa ntchito yake ataiona.

Nkhaniyi ndi ya ku Nottingham, koma siyachilendo kwa owerenga Chichewa. Mayina a Raleigh, Humber ndi Phillips anafika m'midzi ya kuno kalekale, ena pa njinga zimene azibambo ankabwera nazo pochokera ku migodi ya ku Joni ndi ku mafamu a ku Rhodesia. Zinali njinga zazikulu, za ntchito. Ana ambiri anaphunzirira pa zimenezo, mwendo umodzi utalowetsedwa m'kati mwa felemu, thupi litapendekera mbali, chishalo chikugunda phewa. Njinga yopangidwira msinkhu wa mwana inali chinthu chosowa, cha m'nyumba zochepa za m'tauni, ndipo mwana amene anali nayo ankatsatiridwa ndi mzere wa anzake opempha ulendo umodzi wokha. Munthu amene anaima pa mzere umenewo m'ma 1970 akaona kanjinga kotere lero, amamva chinthu chimene mwana wake sangachimvetse msanga.

Luso lokonzera njinga zotere likadalipo kuno, pomwe m'mashopu ambiri a ku Ulaya linachepa. Wokonza wa pansi pa mtengo amene amasamalira njinga za kabaza amasema kotapini ndi tupa kuti ikhale bwino, amamanga wilo kuchokera pa masipoko omwazika, amawongola limu ndi diso. Njinga za ku India ndi ku China zimene amagwira tsiku ndi tsiku, monga Hero, Avon ndi Phoenix, zinatengera kapangidwe ka njinga zakale za ku Britain. Chimene nthawi zambiri sauzidwa n'chakuti njinga imene yabwera lero ndi yosiyana, kuti makapu ake asatayidwe ndipo manambala ake asapalidwe. Udindo womuuza ndi wa mwini njinga.

Fakitale ya Raleigh ku Nottingham inasiya kumanga njinga mu 2002, ndipo pamalopo pali nthambi ya University of Nottingham yotchedwa Jubilee Campus. Sturmey-Archer inagulidwa ndi kampani ya SunRace ya ku Taiwan mu 2000. Mu 2023 Raleigh inatulutsa Chopper zowerengeka zofanana ndi Mk2 pa mtengo wa mapaundi 950, ndipo zinatha mwamsanga, ogula ambiri ali akuluakulu amene anailakalaka ali ana. Zakale zenizeni zikucheperachepera, ndipo iliyonse yopalidwa mosasamala kapena yogulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha imachepetsa chiwerengerocho.

Kusunga njinga yotere m'chipinda chochezera si kulakwa, koma inapangidwa kuti ipalasidwe, ndipo yokonzedwa bwino imathanso kunyamula mwana pabwalo lathyathyathya, wamkulu akuyang'anira. Choncho inu amene muli ndi kanjinga kakale kuseri kwa nyumba, kapena mwakaona pamsika wa zakaunjika, yambani ndi kansalu ndi palafini. Pukutani habu yakumbuyo, funani nambala ya felemu, lembani zonse ndi kujambula zithunzi. Mukapita nayo kwa wokonza, muuzeni asunge makapu ndi mabawuti onse akale, ndipo ndalama yoyamba ipite ku mabuleki ndi matayala, penti ibwere pambuyo ngati ikufunikadi.